Masiku Asanu a Kopolo Mhone

A Kopolo Mhone tinawaika mwezi watha kwawo ku Ngala, ndipo pamwamba pa bokosi lawo panali mamendulo awiri. Ambiri amene anabwera sanaone chachilendo. Msilikali wakale, mamendulo awiri, basi. Koma ine maso anga anali pa mendulo ya kumanzere, yowala kuposa inzake, chifukwa ndikudziwa kuti inafika pachifuwa pawo itachedwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo chimene chinaichedwetsa chinali m'nyumba mwathu momwemo.

Ine ndine Asiyatu, mwana wa malemu Yusufu Saidi wa kwa Malengachanzi. Bambo anga anafera ku usilikali ndisanayambe kuyenda, moti nkhope yawo ndimaidziwa pa chithunzi chimodzi chokha. A Mhone sanali m'bale wathu. Iwo anali Mtonga, mkulu wa mpingo, makolo awo anachokera kumpoto n'kudzakhazikika ku Ngala. Ife ndife Asilamu a konkuno. Koma pamene ndinkayamba kuzindikira zinthu ndinawapeza ali kale m'moyo mwathu, ndipo sindinaganizepo zofunsa kuti analowamo bwanji.

Chaka chilichonse tikangomaliza kukolola mpunga ankatulukira, poyamba pa njinga, kenako mawondo atayamba kukana, pa minibasi, khasu atalikulunga m'thumba la feteleza. Moni ankapereka ali chiimire n'kulunjika kumanda kukalambula pa bambo. Kwathu akazi sitilowa kumanda, choncho akabwerako ankasamba m'manja, n'kukhala pa benchi la pakhonde, kumapeto kwenikweni kwa kumanja, n'kupereka lipoti kwa mayi ngati ali pa perete.

"Ama, ndawaona. Ali bwino. Chiswe chinayamba kumutu koma ndathana nacho."

Mayi ankati "Alhamdulillah," iwo n'kuti "Yewo," tiyi n'kubwera. Tiyi wake wopanda shuga. Munthu wokhala pakati pa minda ya nzimbe, koma shuga ankati ndi wa ana ndi odwala. Zitumbuwa za mpunga ankadya zitatu, chachinayi n'kuchiika m'thumba la jekete ponena kuti ndi cha a Nyalongwe, akazi awo. A Nyalongwe andiuza pamaliro pomwepa kuti chitumbuwa chimenecho sanachionepo ndi chaka chimodzi chomwe.

Ndisaname, anali munthu wovuta. Kutchalitchi nthawi ikakwana ankatseka chitseko, ngakhale abusa akhale ali panjira. Kugombe, kumene anali ndi bwato limodzi la usipa, ankakangana ndi ogula tsiku ndi tsiku pa nkhani ya kadzazidwe ka beseni, ndipo wina akamapanikiza usipa ndi dzanja ankamulanda beseni n'kukhuthula, ayambirenso. Nsapato ankapolisha popita pamchenga. Ankakonda kunena kuti ulemu wa munthu uli pa malo amene anamuika, kuti akamufuna amupeze pomwepo. Ankanenanso kuti bodza la pakamwa limapita ndi mphepo koma la papepala limakalamba nawe. Ine ndinkangoti ndi nkhani za madala. Sindinkadziwa kuti akunena za iwo eni.

Ndinadzazidziwa ndili wamkulu, tsiku lina la mu Novembala pamene asilikali akale amakumana pa boma kukumbukira anzawo. Ndinali nditapita kukagulitsa mpunga ndipo ndinaima kuti ndiwaone. Onse amene anapita kukalondera njanji ku Mozambique m'zaka za nkhondo zija anali ndi mamendulo awiri, ya kutumikira nthawi yaitali ndi ya njanjiyo. A Mhone anali ndi imodzi. Ankaikoloweka cha kumbali, n'kusiya malo oti ina n'kukwanapo, ndipo malo opanda kanthuwo ankaoneka kuposa menduloyo. Mnzawo wina, a Kamanga, amene anali atalawa kale m'mawa womwewo, anawaloza pachifuwa anthu onse akumva.

"Pamenepo musavutike kusunga malo, a Mhone. Othawa sapatsidwa."

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. A Mhone, munthu woti beseni la usipa ankalimenyera nkhondo, anangowongola mendulo yawo imodziyo n'kuyang'ana kutsogolo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ku Ngala dzina loti Kopolo Wothawa linali lakale, moti mdzukulu wawo wina wamkazi anabwera kuchokera kusukulu n'kuwafunsa ngati zinali zoona. Pa chikalata chawo chotulukira usilikali, chimene iwo ankachitchula kuti disichaji, panali mzere wa inki yofiira wonena kuti anasowa masiku asanu popanda chilolezo pa nthawi ya nkhondo. Mzere umenewo ndi umene unawamanitsa mendulo. Chikalatacho ankachisunga m'pepala la pulasitiki mkati mwa Baibulo ndipo sankaonetsa munthu.

Chaka chotsatira atabwera ndi khasu ndinawafunsa kuti masiku asanuwo anali kuti. 

"Madzi akatayika saoleka, mwana wa Yusufu. Tabweretsa tiyi."

Mayi anamwalira zaka zitatu zapitazo. Kuchipinda kwawo, pansi pa bedi, kunali sanduku la bambo, bokosi lachitsulo lija asilikali amasungiramo zovala. Moyo wanga wonse sindinalionepo lili chotsegula, ndipo kiyi wake mayi ankamanga pangodya ya chitenje. Titatha sadaka ya masiku makumi anayi ndinalitsegula. Munali malaya awiri, lamba, kapu yachitsulo yophwanyika kumlomo, ndi tasibihi, mikanda yopempherera ija. M'thumba la malaya amodzi munali pepala lopindidwa kanayi. Chingerezi changa n'cha Fomu 2 koma chinakwana. Pepalalo linkalola Kopolo W. Mhone kunyamula thupi la Y. Saidi kupita nalo kwawo ku Nkhotakota ndi kubwerera pakatha masiku asanu. Pansi panali siginecha ya kaputeni ndi chidindo. Ndinawerenga katatu, ndinakhala pansi pomwepo.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi yodutsa pa Dwangwa n'kukatsikira pa Ngala. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, a Nyalongwe akupeta mpunga pambali. Ndinagwada n'kuwapatsa pepala. Anavala magalasi n'kuwerenga. Ndinkayembekezera misozi kapena kuthokoza. Chimene ndinalandira ndi ukali.

"Wakutuma ndani kuti upise m'matumba mwa bambo ako? Tenga ukabweze pamene walipeza."

"Ndiye kuti munkadziwa kuti lili mmenemo?"

"Ndinaikamo ndine."

A Nyalongwe anaika lichero pansi. "Ada, muuzeni mwanayu. Mwakhala nazo zakwana."

Ndi tsiku limenelo ndinamva mmene bambo anafikira kwawo. Iwo ndi a Mhone ankagona tenti imodzi, ndipo ankadziwana monga anthu a kunyanja kumodzi pakati pa anthu a kumtunda. Mwezi wa Ramadhani a Mhone ankasungira bambo chakudya chawo mpaka dzuwa lilowe. Bambo nawo anali atawalumbiritsa kalekale, amvekere, "Wedisoni, ndikafa usalole andigoneke mufiriji kudikira bokosi. Undiperekeze kwathu, akandisambitse anthu anga, akandikulunge m'sanda." Tsiku lina sitima imene ankaiperekeza inaomberedwa m'thengo. Bambo anavulala pamimba, anawabweretsa kukampu ya mbali ino ya malire, ndipo m'mawa mwake anatsirizika. Dongosolo la usilikali linali lakuti thupi lipite kunyumba ya chisoni kubalaki, lidikire bokosi, mbendera, lipenga ndi mfuti. Ndi ulemu waukulu, koma ukanatenga sabata kapena kuposa, pamene Msilamu saayenera kuchedwa pamtunda.

A Mhone anakaima pakhomo pa tenti ya kaputeni n'kupempha kuti aperekeze thupi la bambo kwathu. Kaputeni anakana. Iwo sanachoke. Anaima chilili, manja m'mbali, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo, ndipo kaputeni akatuluka ankawapeza pomwepo, akalowa ankawasiya pomwepo. Potsiriza anawaitana n'kuwafunsa ngati womwalirayo anali m'bale wawo.

"Iyayi bwana. Ndinamulonjeza."

Kaputeni analemba pepala lija. Panali lole ya munthu wamba imene inabweretsa ufa kukampu ndipo inkabwerera yopanda kanthu kukatenga shuga ku Dwangwa. A Mhone anakulunga bambo m'mabulangete awiri, lawo ndi la bambo, n'kukwera nawo kumbuyo. Misewu ya masiku amenewo inali mabampu okhaokha, ndipo anaona kuti mutu wa bambo ukugunda pachitsulo. Anakhala pansi n'kuutsamiritsa pamiyendo pawo, ulendo wonse, osasuntha. Pa malo alionse pamene apolisi ankaimitsa galimoto ankatulutsa pepala ndi dzanja limodzi. Pofika kwa Malengachanzi miyendo inali itafa dzanzi moti anachita kuwatsitsa. Ashehe ndi amuna a pamudzi anasambitsa bambo, anawakulunga m'sanda, nsalu yoyera ya maliro, ndipo mawa lake, pemphero la swala ya masana lisanakwane, anali ataikidwa pafupi ndi makolo awo. Mtonga uja, mkulu wa mpingo wam'tsogolo, anagwira nawo jeneza, chithatha chathu chonyamulira maliro.

Cholakwa chinachitika atabwerako kumanda. Kwathu, ndi kwa a Mhone komwe, munthu amene wabweretsa maliro amatula katundu wa womwalirayo pamaso pa abale, chimodzichimodzi, ndipo sabwerera ndi kanthu kalikonse ka malemuyo. Anatula malaya, lamba, kapu, tasibihi. Achimwene awo a bambo anafunsa monga mwa mwambo, "Zonse ndi izi?" A Mhone anadzisisita m'matumba, n'kupeza pepala. Linali ndi dzina la Yusufu. Analipinda n'kuliika m'thumba la malaya, n'kuyankha kuti, "Zonse."

Anabwerera kukampu tsiku lachisanu, nthawi yake yeniyeni. Anakapeza kaputeni uja ataphedwa panjanji dzana lake, asanauze mlembi wa gulu lawo za chilolezo. Atafunsidwa kuti pepala lili kuti, anayankha kuti alisiya kumaliro. Woyendetsa lole sankamudziwa ndi dzina lomwe. Analandira chilango, inki yofiira inalembedwa, ndipo pamene ankalemba mayina a olandira mendulo ya njanji dzina lawo analidumpha.

"Nanga osabwera kudzalitenga bwanji?" ndinafunsa.

"Mayi ako anali pa eda. Miyezi inayi ndi masiku khumi, mwamuna wakunja salankhula nawo, ndipo kiyi anali pachitenje pawo. Eda itatha ndinapempha tchuthi, ndinabwera. Ndinakhala pa benchi lija, mawu ali pakamwa. Iwe uli kumsana. Ndisanayambe n'komwe, mayi ako akuti, 'A Mhone, sanduku lija sindidzalitsegula, muli fungo lawo.' Ndiye ine ndinene chiyani? Nditi tsegulani, fungo lituluke, ndikufuna kachitsulo kovala pachifuwa? Ndinamwa tiyi, ndinapempha khasu."

Khasu lija linayamba choncho. Ndinalira pansi pa mango paja ngati mwana, ndipo kulira kwake kunali kwa manyazi. Zaka zonsezo tinkawapatsa tiyi ndi zitumbuwa n'kumadziona ngati anthu olandira bwino alendo, pamene dzina lawo labwino linali pansi pa bedi lathu. Mayi anapita osadziwa, pakuti sankatha kuwerenga ndipo a Mhone sanawauze. Pa ichi chokha ndimawathokoza kuposa mendulo iliyonse.

Koma pepala anakanabe kulandira. Ankati katundu wotulidwa pamaliro sabwerera kwa wotula. Amene anandipatsa nzeru ndi a Nyalongwe, pondinong'oneza kuti munthu wa mwambo umamugwira ndi mwambo womwewo. Ndinagwadanso.

"Bambo, eda inatha. Mayi anapita. Katundu wa Yusufu mwini wake tsopano ndine, ndipo zimene ndachita nazo sizikukhudzani. Ili ndikukupatsani ine, ndi manja awiri, a Nyalongwe ndi mboni."

Anayang'ana kunyanja, anayang'ana akazi awo, kenako anapukuta manja pa thalauza n'kulandira.

"Yewo," anatero, mawu ali pansipansi.

Kukonzetsa chikalata cha boma si ntchito ya tsiku limodzi. Tinafunika kulemba kalata yopita ku ofesi yosunga mafayilo a asilikali, kuikamo nambala yawo ya usilikali, fotokope ya disichaji ndi ya pepala lija, ndiponso kukalumbira pamaso pa woweruza, iwo za ulendo wawo, ine za mmene ndinalipezera. Kalatayo ndinalemba ndine iwo akundiuza. Ndinaikamo mawu ochonderera ochuluka, monga timachitira polembera akuluakulu, ndipo nditawawerengera anandilamula kuti ndifufute onse.

"Sindikupempha chifundo ine. Ndikuwathandiza kukonza buku lawo."

Yankho linabwera patapita miyezi, lonena kuti akufuna kuona pepala lenilenilo. Ndinati titumize ndi munthu wodalirika amene ankapita kumzinda. Anakana, amvekere kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo pepala limeneli linawasiya kamodzi, silidzawasiyanso. Tinapita tonse, iwo ali m'jekete, nsapato zikuwala, pepala lili m'thumba lamkati atalitseka ndi pini.

Amene anatilandira anali mayi wa nyota paphewa, wamng'ono kwa ine. M'minibasi a Mhone anali atanena zambiri za asilikali a masiku ano, makamaka aakazi, koma atangomuona msana unawongoka. Anaponya ndodo pansi, anamenya sailuti, n'kutchula dzina ndi nambala yawo mokweza moti a m'maofesi oyandikana anasuzumira. Mayiyo anabweza sailuti n'kuwatolera ndodo yekha. Anatulutsa fayilo yawo yachikasu ndi ukalamba, anaitanitsanso mapepala ena amene kaputeni uja anasainapo, n'kuwayala onse patebulo. Anayang'ana siginecha, anayang'ana chidindo, anawerengetsa masiku ndi chala.

"Bambo, munabwerera tsiku lake."

"Sindinachedwepo ine, bwana."

Anatiuza kuti iye payekha sangafufute kanthu, nkhaniyo ipita kwa akuluakulu amene amakhala pansi kuunika zoterezi, ndipo tidikire. Kudikira kumeneko ndi kumene kunandidwalitsa mtima. Miyendo ya a Mhone inayamba kutupa, mpweya kuchepa. Kugombe anasiya kupita, mabeseni n'kumadzazidwa mmene ogula afunira. Ndinkaopa kuti kalata idzapeza mwini wake atapita, ndipo adzukulu adzakula ndi dzina lija. Iwo sankafunsa poyera. Ndikawaimbira foni ankayamba ndi za mvula ndi za mpunga, kenako pomaliza ankati, "Kupositi sunapiteko?"

Kalata inabwera mpunga wa chaka chatha ukucha. Munali disichaji yatsopano, yopanda inki yofiira, ndipo pa mndandanda wa mamendulo panali mizere iwiri. Menduloyo anakawaveka pa boma masabata angapo pambuyo pake, pa malo pomwe paja anasunga, ndipo inakwana ndendende. Chodandaula chawo chinali chimodzi, kuti a Kamanga anafulumira kufa.

Titakolola anabwera monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno atavala jekete ndi mamendulo onse, khasu nditawanyamulira ine kuchokera pamsewu. Anandiuza kuti ndiwaperekeze. Ndinafika pa mtengo wa m'mphepete pamene akazi timalekezera, iwo n'kulowa okha, pang'onopang'ono. Ndinamva khasu likugunda kangapo n'kusiya. Kenako ndinamva mawu awo, aja a pa perete. Ankawerengera bambo chikalata chonse m'Chingerezi, kuyambira dzina ndi nambala mpaka siginecha ya pansi. Atamaliza anayankhula m'Chichewa chawo chopendekera kumpoto.

"Wamva, Yusufu? Alemba kuti sindinathawe. Ndinali ndi iwe. Mwana wako ndi amene wakonza."

Atatuluka maso anali ofiira, ndipo anati ndi fumbi. Pakhonde anasamba m'manja, anakhala pa malo awo, ndipo poti mayi kunalibe lipoti anapereka kwa ine. Anati bambo ali bwino ndipo amva zonse. Khasu analisiya kuseri kwa chitseko chathu, ponena kuti lakhala lolemera kuyenda nalo m'minibasi, adzalipeza chaka chamawa.

Mpunga wa chaka chino tamaliza kukolola sabata yatha. Amuna anga atenga khasu lija lero m'mawa n'kukalambula, ndipo agwira ntchito yabwino, sindikukayika. Koma pobwera angoti, "Ndalambula," n'kupita kukasamba. Benchi lili pomwe lija pakhonde. Kumapeto kwa kumanja thabwa lake linasalala ndi kuda, ndipo pansi pake pali kadzenje pamene ankagunditsa ndodo polankhula. Ana a pakhomo pano sakhalapo, ngakhale palibe anawaletsa. Ine ndinali nditaphika kale tiyi wopanda shuga ndi kukazinga zitumbuwa zinayi ndisanakumbuke. Ndaziika pamenepo, ndakhala mbali inayo, ndipo mpaka tiyi wazizira palibe amene wandiuza kuti bambo ali bwino.